Kodi munthu ali mkati mwa chilengedwe kapena kunja kwake?

Mwala wagumuka padenga la nyumba, wagwera munthu wodutsa m'njira, munthuyo wafera pomwepo. Chitsanzo chimenechi anachilemba Baruch Spinoza, Myuda wa ku Amsterdam, m'buku lake lotchedwa Ethica lomwe linasindikizidwa mu 1677 mwini wake atamwalira kale. Iye anati ukawauza anthu kuti mwalawo unagwa chifukwa kunali chimphepo ndipo malemuyo anapezeka akudutsa pamenepo, sakhutira. Amafunsa kuti nanga chimphepocho chinaomberanji nthawi imeneyo, nanga munthuyo anadzeranji njira imeneyo? Ukayankha kuti nyanja inayamba kuwinduka dzulo lake ndipo munthuyo anali ataitanidwa ndi mnzake, amafunsanso kuti nyanjayo inawindukiranji, mnzakeyo anamuitaniranji tsiku limenelo. Mafunso amapitirira mpaka woyankha atasowa chonena n'kuthawira kwa chifuniro cha Mulungu. Spinoza anati pamenepo m'pothawirapo umbuli.

Amene anagonapo pasiwa akulidziwa funso limeneli. Achipatala anena chimene chapha munthu, koma panja pamoto anthu amanong'onezana lina: chifukwa chiyani iyeyu, chifukwa chiyani lero? Azungu a zaka za m'ma 1600 analinso nalo funso lomweli, ndipo ena mwa akatswiri awo a filosofi anayamba kunena poyera kuti lilibe yankho lina kupatula mphepo, nyanja ndi mnzake uja.

Maganizo amenewa masiku ano amatchedwa naturalism. Amati chilichonse chochitika chili ndi gwero lake m'chilengedwe momwemu, ndipo pochifotokoza sipafunika kuitana mphamvu ina yochokera kunja. M'Chichewa mfundoyi imaterera, chifukwa mawu oti chilengedwe amachokera ku kulenga, ndipo ukangowatchula watchulanso Namalenga. Mawu a Chilatini oti natura amachokera ku mneni wotanthauza kubadwa, choncho mulibe mlengi wobisalamo, ndipo munthu akhoza kufunsa ngati alipo kapena ayi popanda chinenero kumuyankhira.

Za mvula, nyenyezi ndi kuyenda kwa magazi, akatswiriwa anagwirizana msanga kuti zili ndi malamulo ake omwe angayezedwe ndi masamu. Povuta panali pa munthu. Kodi maganizo ake, chikumbumtima chake ndi ufulu wake wosankha zili pansi pa malamulo omwewo? Amene anayankha kuti inde anayankha m'njira zosiyana kwambiri, moti kuwaika onse m'dengu limodzi n'kuwanamizira.

René Descartes, Mfalansa amene anakhala zaka pafupifupi 20 ku Netherlands, ndiye anatsegula chitseko ngakhale sanafune kulowa. Nyengo ina yachisanu ku Amsterdam ankapita kwa ogulitsa nyama pafupifupi tsiku lililonse kukaona akupha ng'ombe, n'kutengako ziwalo kuti akazitumbule kunyumba. Anatsimikiza kuti thupi ndi makina. Mtima, mitsempha, kugaya chakudya, zonse zimayenda ngati wotchi, ndipo nyama zilibe china choposa pamenepo. Koma pa munthu anaika malire. M'buku lake la mu 1637 anati makina sangalumikize mawu m'njira zatsopano kuti ayankhe chilichonse chimene afunsidwa, ndiye mwa munthu muli chinthu chachiwiri, choganiza, chopanda utali kapena kulemera, chomwe pambuyo pake anadzati chimakumana ndi thupi pa kachiwalo kakang'ono ka pakati pa ubongo kotchedwa pineal gland.

Walira mvula walira matope. Mu 1643 Elisabeth, mwana wa mfumu yochotsedwa pampando ya ku Bohemia, ali ndi zaka 24 zokha, anamulembera kalata kuchokera ku The Hague. Funso lake linali lalifupi: chinthu chosakhudzika chingakankhe bwanji thupi, popeza kukankha kumafuna kukhudzana? Descartes atayankha mozungulira, iye anabwezanso kalata yonena kuti kwa iye n'kwapafupi kuvomera kuti mzimu uli ndi thupi kusiyana n'kuvomera kuti chopanda thupi chingasunthe mkono. Onse amene anabwera pambuyo pake analimbana ndi funso la mayiyu.

Thomas Hobbes wa ku England anadula nkhani. Kwa iye zonse zimene zilipo ndi matupi oyenda, ndipo kunena kuti chinthu chilipo koma chilibe thupi n'kulankhula mawu odzitsutsa okha. Kumayambiriro kwa Leviathan, buku lake la mu 1651, anati mtima ndi sipuling'i, mitsempha ndi zingwe, mfundo za mafupa ndi mawilo. Kulingalira anakutcha kuwerengera, kuphatikiza ndi kuchotsera. Ufulu nawo anaufanizira ndi madzi oyenda mu ngalande, omwe ndi omasuka chifukwa palibe chowatchinga, ngakhale sangachitire mwina koma kutsetsereka. Atsogoleri a mpingo anamuda kwambiri, ndipo mu 1666, mzinda wa London utapsa, aphungu a nyumba ya malamulo analitchula bukuli pofufuza mabuku onyoza Mulungu. Hobbes anapulumuka, anafa ndi zaka 91. Vuto lake n'loti anangolengeza kuti ganizo ndi kuyenda kwa tinthu ta m'mutu, osaonetsa kuti kuyendako kumasanduka bwanji kumva kuwawa kapena kuona kufiira.

Spinoza anadzera njira ina, ndipo ndi iye amene ndimaona kuti anafika nayo patali nkhaniyi. Pa 27 July 1656, ali ndi zaka 23, akuluakulu a sunagoge wa Ayuda ochokera ku Portugal ku Amsterdam anamudula. Kalata yomudulayo inaletsa aliyense kulankhula naye, kukhala naye pansi pa denga limodzi kapena kuwerenga chilichonse cholembedwa ndi iye. Anakhala moyo wosalira zambiri, akupala magalasi a makina oonera zinthu zakutali ndi zazing'ono. Mu 1673 anakana ntchito yauphunzitsi pa yunivesite ya Heidelberg poopa kuti amumanga pakamwa. Anamwalira ndi matenda a m'chifuwa ali ndi zaka 44.

Mfundo yake inali yakuti chinthu chenicheni chilipo chimodzi chokha, chopanda malire, ndipo ungachitche Mulungu kapena chilengedwe, Deus sive Natura m'Chilatini. Mulungu wa Spinoza sakhala kunja n'kumayang'anira dziko, sakwiya, sasintha maganizo, alibe cholinga chimene akuchithamangira. Zinthu zimatuluka mwa iye monga mmene zimatulukira mfundo za masamu, mosalephera. N'chifukwa chake m'buku lina la mu 1670, lomwe analitulutsa osalembapo dzina lake, anati chozizwitsa ndi chochitika chimene ochiona sanadziwe gwero lake. Bukulo linaletsedwa ku Holland mu 1674, pamodzi ndi Leviathan. Ena anamutcha wosakhulupirira Mulungu, pamene mlakatuli wa ku Germany, Novalis, anadzamutcha munthu woledzera ndi Mulungu. Onse awiri anawerenga masamba omwewo.

Funso la Elisabeth analiyankha ponena kuti maganizo ndi thupi ndi chinthu chimodzi choonedwa mbali ziwiri, ndiye palibe chokankha chinzake. Apa akusiyana ndi Hobbes, chifukwa sananene kuti ganizo ndi thupi chabe. Kuganiza n'kwenikweni monga mmene kulili kutambasuka kwa zinthu, ndipo zonse ziwiri ndi nkhope za chilengedwe chimodzi. Anadandaula kuti olemba anzake amaona munthu ngati ufumu mkati mwa ufumu wina, wokhala ndi malamulo akeake, ndipo analonjeza kufufuza nsanje, mkwiyo ndi chikondi ngati akufufuza mizere ndi ngodya. M'kalata ina anabweretsanso mwala. Anati mwala woponyedwa m'mwamba ukanakhala ndi nzeru, ukanakhulupirira kuti ukuuluka mwa kufuna kwake, chifukwa ukudziwa kuti ukuyenda koma dzanja limene linauponya sukulidziwa. Ufulu umene ife timadzitama nawo ndi womwewo. Komabe Spinoza sanathere pa kutaya mtima. Anati munthu akamvetsa chimene chikumukwiyitsa, mkwiyowo umachepa mphamvu, ndipo ufulu wokhawo umene ulipo ndi kumvetsa kumeneku. Zochita za anthu, iye anati, n'zofunika kuzimvetsa m'malo moziseka, kuzilirira kapena kuzitemberera.

Gottfried Leibniz, amene anakacheza kwa Spinoza ku The Hague mu 1676, anatsutsa oganiza ngati Hobbes ndi fanizo limene aliyense wopita kuchigayo angalimve. Tiyerekeze makina oganiza, tiwakulitse mpaka tithe kulowamo ngati mmene timalowera m'chigayo. Tidzaona zitsulo zikukankhana, china chikuzunguza chinzake, koma ganizo lenilenilo sitidzaliona paliponse. Analemba zimenezi mu 1714, ndipo ofufuza za ubongo akulimbana nazobe.

David Hume wa ku Edinburgh anabadwa mu 1711, sayansi ya Isaac Newton itagonjetsa kale mitima ya ophunzira. Buku lake lalikulu lonena za chibadwa cha munthu analilemba ali mnyamata ku La Flèche, tauni ya ku France komwe Descartes anaphunzira sukulu. Linatuluka mu 1739 ndi 1740, ndipo mwini wake anadzanena kuti linabadwa lakufa, chifukwa anthu sanalilabadire. Pachikuto analembapo cholinga chake, chomwe chinali kubweretsa njira yoyesa ndi kuona m'nkhani za munthu. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi Spinoza, amene maganizo ake Hume anawatcha onyansa. Spinoza anayambira kumwamba, pa matanthauzo a mawu, n'kumatsika ngati wophunzitsa masamu, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti nzeru za munthu zingaone mmene chilengedwe chamangidwira. Hume anayambira pansi, pa zimene maso aona, ndipo anapeza kuti nzeruzo n'zofooka kuposa mmene timaganizira.

Taonani timipira tiwiri patebulo la masewero onga pool. Kena kagunda kanzake, kanzakeko kayenda. Mwaona chiyani? Mwaona koyamba kakuyenda, mwamva kugundana, mwaona kachiwiri kakuyenda. Mphamvu yokakamiza kachiwiriko simunaione. Mumayembekeza kuti kayenda chifukwa mwaziona kambirimbiri, ndipo palibe umboni wa nzeru wotsimikizira kuti mawa zidzakhala ngati dzulo, popeza umboni uliwonse wotero umadalira kale mfundo yomwe ukufuna kutsimikizayo. Chimene chimatiyendetsa, anatero Hume, ndi chizolowezi. Ndipo chizolowezi chimenechi tili nacho limodzi ndi nyama. Anapereka chitsanzo cha galu wokalamba wosaka, amene amasiyira agalu aang'ono ntchito yothamangitsa kalulu, iye n'kukadikira pamene akudziwa kuti kaluluyo akhotera. Galuyo sanaphunzire filosofi, waphunzira kuchokera ku zimene anaona, ndipo munthu amaphunzira chimodzimodzi. Descartes anaika mpanda pakati pa munthu ndi nyama, Hume anauzula.

Pali ndime ina imene imandikhudza nthawi zonse. Kumapeto kwa gawo loyamba la bukulo, Hume akuvomera kuti kukayika kwamufikitsa mumdima, sakudziwanso chimene angakhulupirire. Kenaka akuti amadya chakudya, amasewera backgammon ndi anzake monga ife tikhalira pa bawo, amacheza n'kuseka, ndipo akabwerera ku mapepala ake patapita maola atatu kapena anayi, mfundo zija zimaoneka zozizira. Nzeru zalephera kumuchiritsa, chibadwa chamuchiritsa. Naturalism ya Hume yagona pamenepa: timakhulupirira monga mmene timapumira, chifukwa tinapangidwa choncho. Za makhalidwe ananenanso zofanana. Timadana ndi nkhanza chifukwa ululu wa mnzathu umatilowa mumtima, ndipo nzeru zimangotumikira zimene mtima wafuna. Ngakhale chipembedzo anachifufuza ngati chinthu chokhala ndi mbiri, ndipo mu 1757 analemba kuti chinayamba ndi mantha ndi chiyembekezo cha anthu osadziwa za mawa. Maganizo oterewa anamumanitsa mpando wauphunzitsi umene ankaufuna pa yunivesite ya Edinburgh mu 1745.

Immanuel Kant wa ku Königsberg anavomera kuti Hume ndiye anamudzutsa kutulo. Anthu ambiri amamutenga ngati mdani wa naturalism, koma mbiri yake ikuonetsa zina. Mu 1755 analemba kuti dzuwa ndi mapulaneti zinapangika kuchokera ku mtambo wa tinthu tomwazikana, motsatira malamulo a Newton. Pa 1 November chaka chomwecho chivomezi chinagumula mzinda wa Lisbon anthu ali m'matchalitchi, ndipo alaliki ambiri anati ndi chilango. Kant analemba nkhani zitatu mu 1756 zofotokoza chivomezicho ndi zochitika m'mapanga a pansi pa nthaka. Sanalondole zonse, koma anafunafuna gwero m'nthaka momwemo. Anafika ponena kuti tikanadziwa zonse za mumtima mwa munthu ndi zomuzungulira, tikanalosera zochita zake ngati mmene timalosera kadamsana.

Nanga anapatukira pati? M'buku lake lalikulu la mu 1781 muli chitsanzo cha munthu amene wanena bodza lanjiru lomwe lasokoneza anthu. Tikhoza kufufuza gwero la bodzalo, anatero Kant: analeredwa moipa, anagwa m'gulu loipa, ndi wopanda manyazi chibadwire, ndipo tsikulo mpata unapezeka. Zonsezi n'zoona. Komabe tikamaliza timamuimba mlandu, ndipo timamuimba ngati kuti zonse zija palibe, ngati kuti akanatha kusanama. Aliyense amene anakhalapo pabwalo la milandu kwa amfumu akudziwa kuti mbiri ya wolakwa imamvedwa, mwina chindapusa n'kuchepa, koma mlandu sufafanizika. Spinoza akanati kuimba mlanduko n'kusadziwa dzanja loponya mwala. Hume akanati ndi mmene mtima wa munthu umachitira ukaona khalidwe loipa, ndipo n'kothandiza. Kant anati onse awiri aphonya kanthu. Kufotokoza mmene chikhulupiriro chinabwerera m'mutu mwanga ndi nkhani ina, kuonetsa kuti ndili ndi chifukwa chabwino chochikhulupirira ndi nkhani inanso. Anabwereka chilankhulo cha maloya, amene amasiyanitsa funso la zimene zinachitika ndi funso la chimene chili choyenera.

Yankho lake linali lakuti malo, nthawi ndi lamulo loti chilichonse chili ndi choyambitsa ndi zikombole zimene maganizo athu amaumbira zonse zimene timaona. Sayansi ndi yoona m'dziko looneka lonse, kuphatikizapo munthu. Koma munthu yemweyo akamasankha chochita sangadzione ngati mwala, ayenera kudziona ngati womasuka. Kunena zoona, yankho limeneli silindikhutiritsa. Limamugawanso munthu pawiri, ndipo funso la Elisabeth limabwerera litavala malaya ena. Koma funso la Kant ndi lolimba kuposa yankho lake. Ngati maganizo anga onse ndi chizolowezi kapena kuyenda kwa tinthu ta muubongo, ndiye chikhulupiriro changa mwa naturalism nachonso n'chimodzimodzi, ndipo ndiyenera kufotokoza chimene chikuchipanga kukhala choona kuposa cha mnzanga.

Mu 1790 Kant analemba kuti sipadzapezeka Newton wina wofotokoza ngakhale tsamba limodzi la udzu popanda kutchula cholinga. Charles Darwin anatulutsa buku lake la kusintha kwa zamoyo mu 1859, ndipo ambiri anaona kuti wachita chomwecho. Kale mu 1838 anali atalemba m'kabuku kake kuti womvetsa nyani angathandize filosofi kuposa John Locke, katswiri wa filosofi wa ku England. Chimene Darwin anawonjezera ndi nthawi. Chibadwa cha munthu, chomwe Hume anachitenga ngati chokhazikika, chinapezeka kuti chili ndi mbiri.

Friedrich Nietzsche anaitenga mbiriyo n'kuilowetsa m'chikumbumtima. Mu 1881 analembera mnzake kuchokera ku Sils Maria, m'dziko la Switzerland, ali wokondwa kuti wapeza kholo lake mwa Spinoza, ndipo mu 1886 anati ntchito yake ndi kumubwezera munthu m'chilengedwe. Chaka chotsatira anafunsa kuti nyama yotha kulonjeza inaumbidwa bwanji, n'kuyankha kuti inaumbidwa ndi ululu, chifukwa chowawa sichiiwalika. Anaona kuti m'Chijeremani mawu otanthauza kulakwa ndi otanthauza ngongole ali ndi muzu umodzi, Schuld, ndipo anati kudzimva wolakwa kunayambira pa ubale wa wokongoza ndi wokongola. Amene anakulira pa Buku Lopatulika sangadabwe kwambiri, poti m'pemphero la Ambuye timapempha kuti atikhululukire mangawa athu. Koma chilengedwe cha Nietzsche n'chosiyana ndi cha Spinoza. Ndi chowononga, chosasamala, chopanda chifundo kapena dongosolo loti munthu apezemo mtendere. Anakayikiranso asayansi enieniwo, ponena kuti chikhulupiriro chawo choti choonadi chimaposa zonse anachilandira kuchokera ku chipembedzo chomwe amati anachisiya.

Pali chinthu china chimene wowerenga wa ku Africa sangachilumphe. Mawu oti "mwachibadwa" ali ndi mphamvu yotseka pakamwa, chifukwa chimene chanenedwa kuti n'chachilengedwe chimaoneka ngati sichingasinthe. Mu 1753 Hume anawonjezera mawu am'munsi pa nkhani yake yonena za makhalidwe a mitundu ya anthu, onena kuti akuganiza kuti anthu akuda ndi otsika mwachibadwa poyerekeza ndi azungu, ndipo pakati pawo sipanatulukepo luso kapena sayansi. Za munthu wakuda wophunzira wa ku Jamaica amene anamumvera mbiri, anati mwina ali ngati mbalame yoloweza mawu ochepa. Kant anabwereza maganizowa mu 1764, akutchula Hume ngati mboni. James Beattie wa ku Aberdeen anamutsutsa Hume poyera mu 1770, koma Hume anangosintha mawu ena, ndimeyo sanaichotse. Mu 2020 yunivesite ya Edinburgh inachotsa dzina lake pa nyumba ina yosanja chifukwa cha ndime imeneyi.

Chimandipweteka n'chakuti njira ya Hume mwiniyo inali yokwanira kumuletsa. Ndi iye amene anaphunzitsa kuti munthu wanzeru amakhulupirira molingana ndi umboni, ndiponso kuti chizolowezi chimatichititsa kuona ngati zimene tazolowera ndi lamulo la chilengedwe. Anaona anthu ali mu unyolo, n'kutenga zotsatira za unyolowo ngati chibadwa. Umboni wotsutsa unalipo, ku Ulaya komweko. Anton Wilhelm Amo, wobadwira kufupi ndi Axim m'dziko limene lero ndi Ghana, anatengedwa ali mwana kupita ku Germany, anaphunzira ku Halle, ndipo mu 1734 analandira digiri ya udokotala wa filosofi ku Wittenberg. Nkhani imene analemba inali yomwe ija ya Elisabeth, ya ubale wa maganizo ndi thupi. Anatsutsa Descartes ponena kuti kumva kutentha kapena kuwawa ndi ntchito ya thupi lamoyo, osati ya mzimu. Anaphunzitsa ku Halle ndi ku Jena, ndipo cha m'ma 1747 anakwera chombo kubwerera kwawo, kutatsala zaka zisanu ndi chimodzi kuti Hume alembe ndime ija.